Mukufuna kudzatsogolera orchestra? Yambirani apa

Woimba piyano akafuna kunola luso lake amatseka chitseko n'kukhala pa piyanoyo maola asanu. Wa vayolini amachitanso chimodzimodzi, ndipo akalakwitsa palibe womuseka. Wotsogolera orchestra, gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana, alibe mwayi umenewo. Chida chake ndi anthu 80 kapena 100, aliyense ndi malipiro ake, kutopa kwake ndi maganizo ake pa nyimboyo, ndipo simungawasunge kuchipinda kuti muziyeserera usiku. Vuto lonse la ntchitoyi lagona pamenepa: mudzapeza bwanji mphindi zoima patsogolo pa oimba enieni, ndipo mukazipeza mudzatani kuti musaziwononge? Malangizo onse ali m'munsimu akuzungulira funso limeneli.

Yambani ndi chida chimodzi, muchidziwe mpaka pansi

Palibe amene amayamba ndi kandodo kotsogolera oimba, ngakhale otsogolera otchuka. Arturo Toscanini anali woimba cello, Simon Rattle anayambira pa zida zomenya ndi piyano, Gustavo Dudamel ndi Marin Alsop anali a vayolini, Georg Solti anali katswiri wa piyano yemwe anapambana mpikisano wa ku Geneva mu 1942. Seiji Ozawa ankafuna kukhala woimba piyano, koma atavulala zala posewera rugby anakhotera ku utsogoleri.

Chida chiti? Anthu amakangana. Piyano imakupatsani nyimbo yonse m'manja awiri, ndipo ndiyo khomo lolowera m'nyumba za opera, masewero oimbidwa. Zida za nsambo, monga vayolini, viola ndi cello, zimakukhazikani pakati pa orchestra, ndipo oposa theka la oimba onse ali m'gulu limeneli, choncho mumaphunzira chinenero cha anthu ambiri amene mudzawalamulire. Ine ndinganene kuti chida chilichonse n'chabwino bola mufike poti oimba anzanu akukulemekezani nacho, kenako muwonjezerepo piyano yokwanira kuwerengera nyimbo.

Ndipo khalani m'gulu, muziimba pansi pa otsogolera ena kwa zaka. Mukakhala pampando wa kumbuyo mumaona zimene wotsogolera saona: dzanja limene limakuthandizani kulowa pa nthawi yake, dzanja limene limangokusokonezani, mawu amene amadzutsa gulu ndi mawu amene amachititsa anthu kuyang'ana wotchi. Muzilemba zimenezi m'kabuku pulakatisi ikatha.

Phunzirani kuwerenga nyimbo yonse ndi maso, n'kuimva m'mutu

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye ndichedwapo.

Woimba aliyense ali ndi pepala la mbali yake yokha. Wotsogolera ali ndi buku lalikulu limene oimba amalitcha score, momwe mizere ya zida zonse yasanjikizana pa tsamba limodzi. Pamwamba pamakhala zitoliro ndi zinzake zouzira monga oboe, clarinet ndi bassoon, kenako malipenga a mitundu yonse, kenako ng'oma ndi zomenya zina, pansi penipeni zida za nsambo. Nyimbo ya Haydn ikhoza kukhala ndi mizere 10 kapena 12 pa tsamba. Ya Mahler imapitirira 30.

Chovuta si kuchuluka kwa mizere kokha. Zida zina zimalembedwa noti ina koma zimatulutsa ina. Clarinet ya B flat ikaona C pa pepala, chimene chimamveka ndi B flat, sitepe imodzi pansi. Horn ya F ikaona C, chimamveka ndi F wa m'munsi mwake. Manotsi a viola amawerengedwa ndi chizindikiro chakechake cha kumayambiriro kwa mzere, chosiyana ndi cha vayolini komanso cha cello. Maso anu ayenera kumasulira zonsezi nthawi imodzi, mosaima. Njira yake ndi yotopetsa koma ilipo imodzi: tengani nyimbo ya zida zinayi za nsambo, ikani pa piyano, imbani pang'onopang'ono mizere inayi yonse. Mukazolowera, tengani symphony, nyimbo yaitali ya orchestra yonse. Yambani ndi za Haydn, amene analemba zoposa 100, choncho sizidzakutherani. Kenako Mozart, Beethoven, Schubert, Brahms. Mabuku a nyimbo zakale ngati zimenezi amapezeka ulere pa intaneti, pa tsamba la IMSLP.

Pophunzira nyimbo yatsopano, musathamangire kumvera zimene ena anajambula. Mukatero mudzaloweza katsogoleredwe ka akatswiri monga Karajan kapena Bernstein, osati nyimboyo, ndipo tsiku limene orchestra idzaimbe mosiyana ndi zimene munazolowera mudzasowa pogwira. Yambani ndi pensulo. Gawani nyimbo m'ziganizo zake: chiganizo ichi chili ndi tizigawo 4 (timagawo tolekanitsidwa ndi mizere yoimirira pa pepala), ichi 8, ichi 5 chifukwa wopeka anafuna kukudabwitsani. Lembani pamene kiyi yasintha. Imbani ndi pakamwa mzere wa viola, kenako wa bassoon yachiwiri, mizere imene palibe amaikumbukira. Sankhani nokha liwiro, muliyese ndi metronome, kachida koyezera liwiro la nyimbo, mudzifunse chifukwa chake. Mukatha zonsezi ndiye mverani ena atatu kapena anayi, muone pamene akusiyana nanu.

Khutu nalo limafuna kunoledwa tsiku ndi tsiku. Pa mayeso olowera sukulu zina ndi pa mipikisano ina amabisa dala manotsi olakwika m'mapepala a oimba kuti aone ngati muwagwira. Kumva kuti china chalakwika aliyense amamva. Ntchito yanu ndi kunena kuti ndi horn yachiwiri, pa kachigawo ka 47, waimba F sharp m'malo mwa F. Mukaloza munthu wosalakwa, gulu lonse ladziwa kale kuti khutu lanu ndi lotani, ndipo silidzaiwala.

Phunziraninso mawu a Chitaliyana a m'nyimbo, ndipo ngati mukulozera ku opera, Chitaliyana chenicheni ndi Chijeremani.

Manja

Kagwedezedwe ka manja mungakaphunzire masana amodzi. Pa nyimbo ya kugunda kunayi dzanja lamanja limapita pansi, mkati, kunja, m'mwamba. Pa kutatu: pansi, kunja, m'mwamba. Pa kuwiri: pansi, m'mwamba. Kandodo kamangotalikitsa dzanja kuti wa kumbuyo aone, ndipo otsogolera ena, monga Pierre Boulez, sankakagwira n'komwe. Kale ankagwiritsa ntchito ndodo yaitali yogogoda pansi. Jean-Baptiste Lully anadzibaya nayo phazi mu 1687 ku Paris, bala linanyeka, ndipo anamwalira nalo chaka chomwecho.

Chimene chimatenga zaka ndi ichi: dzanja lanu liyenera kunena za phokoso limene likubwera, lisanamveke. Mukagwedeza dzanja motsatira zimene mukumva, mukuvina chabe. Nkhani yonse ili pa kukweza dzanja kumene kumatsogolera noti yoyamba. M'kukweza kumodziko oimba ayenera kuwerengamo liwiro, kukula kwa mawu, ndi mtima wa nyimbo. Pumani mpweya limodzi ndi dzanjalo ngati mukufuna kuimba nokha, oimba zouzira adzapuma nanu.

Yesani pa chiyambi cha symphony yachisanu ya Beethoven, chimene pafupifupi aliyense anachimvapo: tinotsi titatu tofulumira ndi imodzi yaitali. Pa pepala nyimboyi imayamba ndi kachete kakang'ono. Dzanja lanu limagwa pansi pamene palibe akuimba, ndipo oimba amalowa pambuyo pa kugwako, ngati mpira wodunda. Kenako noti yaitali ija ili ndi chizindikiro choti muigwire nthawi imene mukufuna. Muidula bwanji? Ngati mwaidula ndi dzanja lina n'kuyambanso ndi lina, pamakhala mpata wautali ndipo moto wazima. Ngati kudulako ndi komwenso kukuyambitsa chiganizo chachiwiri, dzanja liyenera kuonetsa zimenezi momveka bwino kwambiri, apo ayi theka la gulu lilowa msanga. Noti yaitali yachiwiri Beethoven anailemba motalikirapo kuposa yoyamba, ndiye musazifananitse. Masekondi osakwana khumi amenewa agwetsa anthu ambiri pa mayeso.

Dzanja lamanzere lisamangotengera lamanja ngati pa galasi. Lisungeni kuti lidzagwire ntchito pamene likufunika: kulowetsa woimba amene wakhala chete tizigawo 60 akuwerenga, kutsitsa malipenga akamiza vayolini, kutambasula chiganizo. Nthawi zambiri diso limachita zimenezi bwino kuposa dzanja. Ndiye chifukwa chake mutu wanu usakhale m'buku.

Dzijambuleni pa vidiyo, muonere mutatseka mawu. Ngati simungathe kudziwa nyimbo imene mukutsogolera pongoona manja anuwo, oimbanso sangathe.

Pezani mphunzitsi, koma funsani funso limodzi

Otsogolera ambiri otchuka anachokera m'manja mwa aphunzitsi ochepa. Hans Swarowsky ku Vienna anaphunzitsa Claudio Abbado ndi Zubin Mehta. Ilya Musin ku Leningrad anaphunzitsa Yuri Temirkanov, Semyon Bychkov ndi Valery Gergiev. Jorma Panula wa ku Sibelius Academy ku Helsinki anatulutsa Esa-Pekka Salonen, Osmo Vänskä, Jukka-Pekka Saraste ndi Sakari Oramo, ndipo pambuyo pake anaphunzitsanso Klaus Mäkelä. Dziko laling'ono ngati Finland kutulutsa otsogolera ochuluka chonchi si ngozi. Ophunzira a Panula ankaima patsogolo pa oimba enieni kawirikawiri, akujambulidwa pa vidiyo, kenako n'kukhala pansi onse kuonera zolakwa zawo.

Choncho musanalipire sukulu iliyonse kapena maphunziro a masabata ochepa, funsani: ndidzaima mphindi zingati pa sabata patsogolo pa orchestra? Malo ambiri amakupatsani oimba piyano awiri m'malo mwa gulu. Zimathandiza poyamba, koma piyano imalira nthawi yomweyo mukaigunda, pamene gulu la nsambo limachedwa pang'ono kuyankha dzanja, ndipo kuchedwa kumeneko simungakuphunzire pa piyano.

Ngati palibe wokupatsani gulu, pangani lanu

Itanani anzanu 12 kapena 15, pezani chipinda, sankhani nyimbo yogwirizana ndi zida zimene muli nazo. Mudzasenza mipando nokha, mudzasindikiza mapepala nokha, mudzaimbira foni wa bassoon amene sanabwere. Musanyoze kwaya, gulu la ana asukulu kapena la anthu oimba pongokonda. Gulu losadziwa kwambiri limakuphunzitsani zambiri, chifukwa likalakwitsa silidzikonza lokha, limadikira inu. Dudamel anakulira m'magulu a achinyamata a El Sistema, ndondomeko imene José Antonio Abreu anayambitsa ku Venezuela mu 1975, ndipo anayamba kutsogolera anzake asanakwanitse zaka 20. Ku Kinshasa, Armand Diangienda, amene kale anali woyendetsa ndege, anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste mu 1994 ndi anthu ochepa obwerekana zida, ndipo gululo linakula mpaka kuimba symphony yachisanu ndi chinayi ya Beethoven.

Makomo atatu olowera ntchito

Loyamba ndi la opera, njira yakale ya ku Germany ndi mayiko oyandikana nawo. Mumalembedwa ntchito yoimbira piyano oimba ndi mawu pamene akuphunzira mbali zawo. Tsiku lonse muli m'kachipinda, kubwereza chiganizo chomwecho ndi munthu amene akuiwala mawu. Pakapita nthawi amakupatsani gulu la kuseri kwa siteji, kenako sewero limodzi limene wamkulu watopa nalo, popanda pulakatisi. Solti anayamba chonchi ku Budapest. Herbert von Karajan anakhala zaka zisanu, kuyambira 1929, m'nyumba yaing'ono ya opera ku Ulm, kenako Aachen, asanafike ku Berlin Philharmonic kumene anakhala mpaka 1989. Kwa ine iyi ndiyo sukulu yabwino koposa, chifukwa munthu amene waphunzira kutsatira woimba wodumpha tizigawo tiwiri pa siteji, n'kubweza orchestra yonse pamalo pake omvera osazindikira, palibenso chomuopsa.

Lachiwiri ndi kukhala wothandizira wa wotsogolera wamkulu. Ntchito yake yambiri ndi kukhala m'holo yopanda anthu, score pamiyendo, kumvera ngati malipenga akumiza ena, kulemba timapepala topereka kwa abwana, ndi kutsogolera makonsati a ana. Koma muyenera kuphunzira nyimbo zonse za sabata iliyonse ngati kuti mudzatsogolera ndinu, podziwa kuti mwina simudzatero. Pa 14 November 1943 Bruno Walter anadwala, ndipo Leonard Bernstein, wothandizira wa zaka 25, anauzidwa m'mawa kuti masana atsogolera New York Philharmonic ku Carnegie Hall, popanda pulakatisi, konsati ikuulutsidwa pa wailesi dziko lonse la America. Kutacha dzina lake linali pa tsamba loyamba la New York Times. Toscanini zinamuchitikira ali ndi zaka 19 ku Rio de Janeiro mu 1886: anachoka pa mpando wa cello n'kutsogolera opera ya Aida yonse kuchokera pamtima. Salonen anadziwika mu 1983 atalowa m'malo mwa Michael Tilson Thomas ku London pa symphony yachitatu ya Mahler. Anthu amakonda kunena nkhanizi ngati zamwayi. Chimene saona ndi masabata ena onse amene munthu anaphunzira nyimbo usiku, wamkulu osadwala.

Lachitatu ndi mipikisano. Ozawa anapambana wa ku Besançon ku France mu 1959, Rattle anapambana wa John Player mu 1974 ali ndi zaka 19, Dudamel anapambana wa Gustav Mahler ku Bamberg mu 2004. Palinso wa Malko ku Copenhagen ndi wa Donatella Flick ku London, umene wopambana amakhala wothandizira ku London Symphony Orchestra. Pafupifupi yonse imayamba ndi vidiyo, ndipo ili ndi malire a zaka, choncho werengani malamulo msanga. Kamera iikeni kumbuyo kwa orchestra kuti nkhope ndi manja anu zioneke, muikemo nyimbo yofulumira ndi yodekha, komanso kachigawo ka pulakatisi. Mpikisano umakutsegulirani khomo kamodzi kokha. Orchestra ikakuitanani chifukwa cha mphoto, funso lenileni ndi lakuti kodi idzakuitananinso.

Pulakatisi yoyamba ndi gulu lachilendo

Yankho la funso limenelo limapezeka pano, ndipo oimba amakhala atakuweruzani mphindi zochepa zoyambirira.

Fikani msanga. Pitani kwa woyang'anira mapepala a nyimbo muone ngati manambala a tizigawo m'buku lanu akufanana ndi a m'mapepala a oimba, chifukwa palibe chotayitsa nthawi ngati kufuula nambala imene iwo alibe. Lonjerani mtsogoleri wa vayolini zoyamba, amene amakhala kumanzere kwanu. Iyeyu ndiye mlatho wanu. Nkhani za kayendetsedwe ka uta woimbira zida za nsambo, kaya ukwere kaya utsike, kambiranani naye, musamulamule pamaso pa anzake.

Oboe ipereka noti ya A, onse achuna zida, kenako chete. Nenani moni, tchulani nyimbo, kwezani dzanja. Mbiri ya wopeka nyimbo ndi zimene nyimboyo imakukumbutsani zisungeni. Anthu awa ena aimba symphony imeneyi maulendo 50, pansi pa otsogolera okuposani. Imbani gawo lonse osaimitsa, kuti iwo azolowere dzanja lanu, inunso mumve gulu limene muli nalo. Zolakwa zambiri za ulendo woyamba adzazikonza okha.

Mukaimitsa, nenani zinthu zitatu basi: ndani, pati, chiyani. "Ma cello, kachigawo ka 112, chonde mofewa, ndipo noti yomaliza ifupike." Oimba amamva mawu ngati msanga, mochedwa, mokweza, motsitsa, motalika, mofupika. Mukawauza kuti pamveke ngati dzuwa likulowa, wa trombone adzakufunsani ngati mukutanthauza mokweza kapena motsitsa, ndipo ena adzaseka chamumtima. Mukabwereza malo, nenani chifukwa chake. Mukalakwitsa inu, ndipo mudzalakwitsa, nenani kuti "pepani, ndalakwitsa ndine" n'kupitiriza. Onse anaona kale. Woimba mmodzi akapunthwa pa mbali yake yayekha, musamubwerezetse katatu anzake akumvera. Muyang'aneni, mugwedeze mutu, mukalankhule naye pa nthawi yopuma.

Wotchi ndi lamulo. M'magulu a akatswiri pulakatisi imakhala pafupifupi maola awiri ndi theka kuphatikiza kupuma, ndipo konsati ya sabata imakonzedwa ndi mapulakatisi atatu kapena anayi. Nthawi ikakwana woyang'anira oimba amaimirira ngakhale muli pakati pa chiganizo, chifukwa kupitirira ndi ndalama. Gawani mphindi zanu usiku wake, ndipo konzani kuti amene alibe mbali m'nyimbo ina aweruke msanga m'malo mokhala ola lathunthu akukuyang'anani. Mukamaliza mphindi zisanu nthawi isanakwane, adzakukumbukirani bwino. Magulu ambiri amafunsa oimba maganizo awo pa mlendo aliyense akachoka. Ku Berlin Philharmonic oimba ndiwo amavotera wotsogolera wamkulu, monga anachitira posankha Kirill Petrenko mu 2015, ndipo Vienna Philharmonic yakhala yopanda wotsogolera wokhazikika kuyambira 1933.

Zoyenera kudziwa musanalumbire

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mayina amene ndatchulawa ndi ochepa mwa anthu zikwi amene anaphunzira ntchitoyi. Ambiri amapeza chakudya pophatikiza kuphunzitsa, kwaya, magulu a achinyamata ndi kuimba piyano, ndipo ndi moyo waulemu. Amene zawayendera amakhala m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege, sabata ino gulu ili, sabata yamawa lina, chakudya chamadzulo ali okha ndi score ya mwezi wamawa. Mukakhala wotsogolera wamkulu ntchito ya mu ofesi imachuluka: kusankha nyimbo za zaka ziwiri kapena zitatu kutsogolo, kukhala pa mayeso olemba oimba atsopano, ndipo ku America, kumene magulu amadalira kwambiri opereka mwaufulu, kudya ndi anthu achuma kuti athandize.

Makomo sanatsegukire onse mofanana. Dean Dixon, Mmerika wakuda, anatsogolera New York Philharmonic ngati mlendo mu 1941, koma ntchito yokhazikika anakaipeza ku Ulaya, ku Gothenburg ndi ku Frankfurt. Marin Alsop anatenga Baltimore Symphony mu 2007, ndipo mu 2013 anakhala mayi woyamba kutsogolera usiku womaliza wa BBC Proms, makonsati amene anayamba mu 1895.

Mukapeza gulu lanu loyamba, musathamangire kulisiya. Rattle anafika ku City of Birmingham Symphony Orchestra mu 1980 ali ndi zaka 25, magulu akuluakulu anamukopa, iye anakhala pomwepo zaka 18. Ndi oimba omwewo anadutsa Sibelius, Mahler ndi nyimbo zambiri zatsopano, ndipo mu 1991 mzindawo unatsegula Symphony Hall, nyumba yatsopano ya gululo. Ku Berlin anayamba ntchito mu 2002.